Usiku wanga ku King Tut's, Glasgow

Sitima yochoka ku Edinburgh Waverley kupita ku Glasgow Queen Street imayenda pafupifupi mphindi 50, ndipo njira yonse ndinkadzifunsa kuti ndavomereranji. Mnzanga wakuntchito, mtsikana wa konkuno ku Scotland, anali atandigulira tikiti yokaonera woimba amene ndinali ndisanamumvepo n'kamodzi komwe. Akuti amaimba indie pop. Nditamufunsa kuti chimenecho n'chiyani, anati ndi nyimbo zofewa, za gitala ndi kiyibodi, zimene oimba ake amadzijambulira okha popanda kampani yaikulu yowathandiza. Ndinaseka. Ndiye kuti kwathu oimba ambiri ndi a indie, kungoti palibe anawauza.

Kuchoka pasiteshoni tinayenda wapansi kukwera mtunda wa St Vincent Street, kamvula kakuwaza. Malowo amatchedwa King Tut's Wah Wah Hut. Ndikanakhala ndekha ndikanapitirira, chifukwa kunja kwake sikuoneka ngati malo otchuka. Umalowera m'bala ya pansi, kenako n'kukwera masitepe. Masitepewo ndi amene anandiimitsa: pa iwo analembapo zaka ndi mayina a magulu amene anaimbapo muno. Malowa anatsegulidwa mu 1990, ndipo mu 1993 ndi muno mmene Alan McGee wa kampani yojambula nyimbo ya Creation Records anaonera gulu la Oasis likuimba n'kulitenga. Mnzanga ankafotokoza zimenezi monyadira ngati anali pompo, chonsecho n'kuti asanabadwe.

M'mwambamo mumalowa anthu 300 basi. Denga ndi lalifupi, ndipo nsanja ili pafupi kwambiri moti ndinkaona pepala la mndandanda wa nyimbo limene analimata pansi ndi tepi. Woimbayo anatulukira yekha, atanyamula gitala ndi botolo la madzi, n'kuyamba kulumikiza zingwe zake. Ndinkayesa ndi wantchito wa pamalopo. Pambuyo pake panabwera mnyamata wa ng'oma ndi mtsikana wa kiyibodi.

Ine kwathu ndinazolowera kuti gitala ikangolira, chiuno chadziwa kale ntchito yake. Wina akuimba mluzu, amayi akululutira, wina wakwera pansanja kukafupa woimba. Apa nyimbo yachitatu itayamba, ya mawu ndi gitala yokha, chipinda chonse chinangoti zii. Anthu onse aja, ambiri atagwira mowa m'manja, osatsokomola ngakhale mmodzi. Ndinamva mpaka phokoso la zala zake zikutsetsereka pa nsambo. Poyamba ndinamumvera chisoni, ndinkati anthuwa sakusangalala. Nditayang'ana mbali ndinaona bambo wina wandevu, wamkulu thupi, milomo ikutsatira mawu onse koma osatulutsa liwu, misozi ili lengelenge. Ndinachita manyazi ndi phazi langa limene linkangogunda pansi.

Pakati pa nyimbo ina woimbayo anaiwala mawu. Anaima, n'kuseka, mtsikana wina kutsogolo n'kumukumbutsa, iye n'kuthokoza n'kupitiriza. Pa bwalo lalikulu zimenezi zikanakhala manyazi a chaka chonse. Muno anthu anawomba m'manja ngati wachita zakupsa. Sikuti nyimbo zake zonse zinandigwira mtima, ayi. Zina zinkafanana, ndipo zingapo ndinkalakalaka wang'oma atazimenya mwamphamvuko pang'ono. Koma nyimbo yomaliza anthu omwe aja anaimba nawo mokuwa mpaka pansi kunjenjemera, ndipo ine ndinapeza mpata wovina pang'ono popanda wondidabwa.

Zitatha, woimbayo anatsika n'kukaima patebulo pamene panali malaya ndi zimbale zake, akugulitsa yekha. Zinandikumbutsa oimba akwathu amene ankayenda ndi ma CD m'chikwama m'tauni. Ndinagula chimbale ngakhale kunyumba ndilibe choimbira. Akusaina anandifunsa kumene ndimachokera.

"Ku Blantyre," ndinatero.

Nkhope yake inawala. Anati azakhali ake amakhala komweko, amapitako pa sitima kuchokera ku Glasgow Central, pafupi ndi nyumba imene David Livingstone anabadwiramo. Ndinamuuza kuti yanga ndi Blantyre inayo, ya ku Malawi, imene inatenga dzina kwa yawoyo. Anagwira pakamwa, n'kufunsa ngati kumeneko kumagwa mvula ngati kuno. Ndinayamba kumufotokozera za chiperoni, koma mnzanga anandikoka dzanja, akuloza wotchi, kuti sitima itisiya.