Kuchokera pa bere mpaka m'bwalo la Oklahoma City: momwe tinakonzera hatchi ya reining

Ndimagwira ntchito pa famu ya mahatchi kumpoto kwa Texas ku America, kufupi ndi tauni ya Pilot Point. Dera limeneli, kudzafika ku Aubrey ndi Whitesboro, ladzaza ndi makola chifukwa dothi lake ndi lamchenga, losapweteka miyendo ya hatchi. Athuwa ndi a mtundu wa American Quarter Horse, ndipo timawawetera mpikisano wa reining, womwe unachokera ku ntchito ya abusa a ng'ombe okwera pa hatchi. Mumpikisanowu hatchi imathamanga mozungulira, kupota pamalo amodzi, kenako n'kuima mwadzidzidzi miyendo yakumbuyo ikutsetsereka mumchenga, wokwerayo atagwira zingwe ndi dzanja limodzi. Ndifotokoza momwe tinayendera ndi kahatchi kamodzi kakakazi, kuyambira kasanabadwe.

Abwana anayamba ndi mabuku a mibadwo. Make anali atapuma pa mipikisano, hatchi yofatsa koma yochedwa popota, choncho ankafuna mphongo yamiyendo yachangu. Anasankha ya m'banja la Colonels Smoking Gun, yomwe aliyense kuno amangoti Gunner. Asanalipire kalikonse tinazula ubweya wa kumchira wa make, mizu yake ili pomwepo, n'kutumiza kokayezetsa matenda akumtundu. Oopsa kwa ife ndi HERDA, omwe amapezeka m'mibadwo ya mphongo yakale yotchedwa Poco Bueno. Makolo onse awiri akakhala nawo mobisika, mwana mmodzi pa anayi amabadwa ndi khungu losalimba, ndipo nthawi zambiri mumadzazindikira atakwana zaka ziwiri, chishalo chikayamba kung'amba msana. Make anapezeka alibe.

Kenako kalendala. Bungwe la AQHA la ku Amarillo, lomwe lakhala likulembetsa mahatchiwa kuyambira 1940, limawerenga kuti hatchi iliyonse yawonjezera chaka pa 1 Januwale. Yobadwa mu Febuluwale ndi yobadwa mu Juni zimapikisana ngati zofanana msinkhu, pomwe inayo yatsogola ndi miyezi inayi. Bere la hatchi ndi la masiku ngati 340, ndiye aliyense amafuna kuti yaikazi itenge bere kumayambiriro kwa chaka. Vuto n'lakuti m'nyengo yozizira, dzuwa likamalowa msanga, yaikazi sifuna mphongo. Ntchito yanga kuyambira kumayambiriro kwa Disembala inali yoyatsa magetsi m'khola madzulo alionse kuti iziona kuwala maola 16 pa tsiku, thupi lake liziyesa kuti nyengo yofunda yafika.

Mphongoyo sitinaione n'komwe. AQHA imalola umuna wotumizidwa, ndipo unabwera m'bokosi lozizira tsiku lomwe dokotala wa ziweto anaona pa sikani kuti dzira latsala pang'ono kutuluka. Patatha masabata awiri anaunikanso, makamaka kuti aone ngati si mapasa, poti hatchi kawirikawiri sifikitsa mapasa amoyo. Anali mmodzi.

Kanabadwa usiku, monga achitira ambiri. Pamenepa timayendera lamulo la maola atatu: ola loyamba kamwana kaime, lachiwiri kayamwe, lachitatu nsengwa ikhale itatuluka yonse. Mkaka woyambawo ndiwo chitetezo chake chonse, moti m'mawa mwake dokotala anakatenga magazi kuti aone ngati kanamwa wokwanira. Kanali ndi nkhope yoyera mbee ndi maso abuluu. Abwana atakaona anangoti, "Pita kumbuyo kwake uombe m'manja." Ndinaomba. Make anadzidzimuka, iko osagwedeza ngakhale khutu. Gunner mwiniwake anali wogontha, ndipo zidzukulu zake zambiri za nkhope yoyera chonchi zimatengera. Palibe amene anada nkhawa, chifukwa mahatchi ogontha apambanapo kwambiri m'masewerawa. Zinangotanthauza kuti mawu oti "whoa", omwe okwera onse amadalira poimitsa hatchi, kwa ikoko sadzagwira ntchito.

Chaka choyamba ndi chachiwiri ndinena mwachidule. Tinakalembetsa ku AQHA, tinakalembetsanso kakadali kakang'ono ku NRHA, bungwe la reining la ku Oklahoma City, chifukwa ukachedwa mtengo umakwera kwambiri. Tinakaletsa kuyamwa katakwana miyezi isanu, n'kukasiya kubusa ndi anzake. Ine ndinkangokaphunzitsa kuvala chingwe cha kumutu, kutsatira munthu, ndi kupereka chiboda kwa wosula zitsulo. Ndinazolowera kukadzera kutsogolo nthawi zonse, kuti kandione ndisanakakhudze.

Itakwana zaka ziwiri tinaijambula X-ray m'mawondo ndi m'mfundo za miyendo yakumbuyo, kenako mphunzitsi anailowetsa m'khola lozungulira. Masabata oyamba munalibe chokwera: bulangete, chishalo, kuyenda nacho, kuvula. Atayamba kukwera ankagwiritsa chitsulo cha m'kamwa chofewa, chopindika pakati, zingwe m'manja onse awiri, ndipo sankapitirira theka la ola. Phunziro linali limodzi lobwerezabwereza: ndikakukankha pang'ono ndi mwendo kapena chingwe, suntha, ndipo ukangosuntha ndikusiya. Kusiyako ndiye malipiro ake. Amene anaphunzitsapo nkhunzi kukoka ngolo akudziwa kuti yozolowera chikwapu imakoka pokhapokha chikwapu chili m'mwamba; hatchi nayo ndi chimodzimodzi, ndipo majaji amachiona msanga.

Kuima kuja, komwe anthu amaimirira nako m'mipando, kunayambira pa kuyenda wamba. Mphunzitsi ankakhala mozama m'chishalo, kuchotsa miyendo m'nthiti mwa hatchi, n'kudikira. Ikapanda kuima ndiye ankakoka zingwe pang'ono ndi kuibweza m'mbuyo mapazi angapo. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Pakutha pa miyezi ingapo inkaima pongomva kulemera kwa munthu kukusintha pamsana, poyamba ikuyenda, kenako ikuthamanga pang'ono. Ine ndimaona kuti kugonthako kunaithandiza, chifukwa maganizo ake onse anali pa thupi la wokwera, osati pa phokoso la kunja kwa mpanda. Zitsulo zotsetserekera, zosalala ndi zotambalala kuposa za masiku onse, inavala ku ziboda zakumbuyo itadziwa kale kupinda msana ndi kulowetsa miyendo kunsi kwa mimba. Ena amaziveka msanga kuti aonetse ogula mzere wautali mumchenga. Hatchi yotero imatereka isanadziwe kudzigwira, imachita mantha, ndipo kuchotsa manthawo kumatenga nthawi yoposa yomwe unkafuna kupulumutsa.

Bwalo nalo limafuna chisamaliro. Pansi pakhale polimba ndi posalala, pamwamba mchenga wofewa. Ndinkalisalaza ndi thirakitala ndi kuthirira m'mawa uliwonse. Pakakhala dzenje kapena pouma kwambiri, mwendo umakodwa pakati pa kutsetsereka.

Chaka chachitatu ndiye cholemetsa. Hatchi imasamukira ku chitsulo cha m'kamwa cholimba, zingwe m'dzanja limodzi, n'kumakhota pongomva chingwe chakhudza khosi. Imaphunzira kusintha mwendo wotsogola ili mkati mothamanga, kuzungulira kwakukulu mwaliwiro kenako kwakung'ono mofatsa, ndi kutembenuka pomwe yaimapo n'kubwerera komwe yachokera. Kutentha kwa Texas mu Julaye ndi Ogasiti kunatichititsa kuyamba kusanache. Ikatsika m'bwalo inali yanga: kuisambitsa, kuika ayezi m'miyendo, kupapasa mfundo iliyonse ndi manja. M'mawa wina ndinapeza mfundo yakumbuyo yatupa ndi kutentha. Ndinati, "Abwana, tabwerani muone mwendowu." Anaugwira, naitana dokotala, ndipo hatchiyo inapuma masabata angapo pa nthawi yomwe anzake ankapita ku timipikisano tokonzekera. Zinandisangalatsa kuti sanaibaye jakisoni wobisa ululu n'kupitiriza. Ya zaka zitatu mafupa ake amakhala asanakhwime onse, ndipo ndaonapo zambiri zomwe zinafika ku mpikisano waukulu wa Futurity koma chaka chotsatira zili zotsimphina.

NRHA Futurity ndi mpikisano wa mahatchi a zaka zitatu okhaokha, ndipo umachitika ku Oklahoma City kumapeto kwa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala. Hatchi iliyonse imaupeza kamodzi m'moyo. Tisananyamuke panafunika chikalata cha dokotala ndi zotsatira za magazi za Coggins, zoonetsa ngati hatchi ili ndi matenda ena opatsirana, popeza tinkadutsa malire a Texas. Tinakwera msewu wa I-35, ulendo wa maola ngati atatu. Kumeneko tulo n'tochepa, chifukwa mpata woyeserera m'bwalo lalikulu umapezeka usiku.

Kagoletsedwe kake kali motere. Jaji aliyense amayambira pa 70, ndipo pa chochita chilichonse amawonjezera kapena kuchotsa mpaka pointi imodzi ndi theka. Zilango amachotsa padera: kupitirira pang'ono popota, kuchedwa kusintha mwendo, kugwira chishalo ndi dzanja losagwira zingwe. Ukasokoneza dongosolo lomwe mwapatsidwa, kapena kugwira zingwe ndi manja awiri, umalandira 0. Majaji amakhala asanu. Malikisi apamwamba kwambiri ndi apansi kwambiri amatayidwa, atatu otsalawo n'kuphatikiza, choncho 210 ndiye kuti wachita zonse molondola popanda chapadera. Amayang'ananso chitsulo cha m'kamwa ndi thupi la hatchi, ndipo akapeza bala lochokera kwa wokwera, palibe malikisi.

Ndinaima pa geti nditanyamula bulangete lake. Anthu ankakuwa ndi kuimba malikhweru monga amachitira hatchi ikamapota, iyo osamva kanthu, makutu atalozera kumbuyo kwa mphunzitsi. Popota kumanzere inachedwa kuyamba, zomwe tinkaziyembekezera chifukwa cha masabata opuma aja. Koma kuima kwake konse kunali koongoka, zingwe zili lende. Inapitirira 210 pang'ono, osakwanira kulowa ndime yomaliza.

Titabwerera ku famu wosula zitsulo anachotsa zotsetserekera zija, dokotala anajambulanso mfundo ya mwendo ija n'kupeza ili bwino, ndipo tinaitulutsira kubusa kuti ipume nyengo yozizira yonse. Abwana anakana munthu wina amene anafuna kuigula tili konko. Akuikonzekeretsa NRHA Derby ya mu Juni, ya mahatchi a zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mphunzitsi wati ikabwerera m'khola ayambira pa kupota kwa kumanzere.