Bonsai woyamba ndinamupha ndi madzi, wachiwiri ali moyo

Kamtengo koyamba ndinakagula pa nazale ina kuno ku Johannesburg, kamkuyu kofika m'chigongono kutalika kwake, kali m'kambale kosaya. Ine ndinakulira kudimba ku Dedza, choncho ndinkadziona ngati katswiri. M'mawa keni, madzulo keni, monga tinkachitira ndi mpiru. Patatha masabata atatu masamba anayamba chikasu n'kumayoyoka. Ndinati ndi ludzu, ndipo ndinawonjezera madzi. Tsiku lomwe ndinakazula, mizu inali yakuda bii, yofewa, ikununkha ngati matope a m'chithaphwi.

Ndinabwerera ku nazale kuja ndi kambale kopanda kanthu. Bambo wina wachikulire wogwira ntchito kumeneko, amene kayankhulidwe kawo kanandiuza kuti ndi akwathu, anayamba aseka kaye. "Achimwene, mumathirira kangati?" Ndinati kawiri patsiku. "Ndiye munakamiza nokha. Musamayang'ane wotchi, muzipisa chala m'dothimo."

Ndi iwo anandifotokozera kuti bonsai si mtundu wa mtengo. Mawuwa ndi a Chijapani, kutanthauza chomera chodzalidwa m'mbale, ndipo lusoli linafika ku Japan kuchokera ku China kumene amalitcha penjing. Mtengowo ndi wamba, mutaudzala pansi ungakule ngati anzake. Chimaufupikitsa ndi kudulira nthambi ndi mizu, komanso kuchepa kwa malo. Vuto lonse la madzi lagona pamenepo: dothi lodzaza manja awiri okha limauma msanga, komanso limakhuta msanga, ndipo mizu ikakhala m'madzi imasowa mpweya n'kuwola.

Ndinagula kamkuyu kena, chifukwa mitengo ya mtundu wa Ficus, abale ake a kachere, imapirira zolakwitsa za wophunzira. M'mawa uliwonse ndimapisa chala pafupifupi sentimita imodzi. Kukakhala chinyezi ndimangodutsa, ngakhale mtima ukundikakamiza. Kukayamba kuuma ndiye ndithirira. Poyamba chalacho sindinkachikhulupirira, ndiye ndinkazika kamtengo kobayira kanyenya mpaka pansi kwa mphindi 10. Kakatuluka kodera, kokakamira timadothi, ndinkadziwa kuti madzi akadalimo. Masiku ano ndimangonyamula mbaleyo, kupepuka kwake kumandiuza.

Kuthirirako nakonso kuli ndi kachitidwe. Sindiwaza timadzi pamwamba ngati ndikudalitsa. Ndinaboola timabowo pa chivindikiro cha botolo kuti madzi azitsika mwa mvula yowaza osakokolola dothi. Ndimazungulira mbale yonse mpaka madzi atayamba kutuluka m'mabowo a kunsi, ndidikire mphindi zingapo, kenako ndibwereze. Otsalira m'kambale kolandirira ndimataya pomwepo. Mu Okutobala ndi Novembala zimatheka kuthirira tsiku lililonse, mphepo yotentha ikawomba ngakhale kawiri. Mu Juni pamadutsa masiku atatu kapena anayi.

Nthawi ina ndinachokapo masiku asanu, mnzanga amene ndinamusiyira n'kuiwala. Ndinapeza dothi lauma gwa, lalekana ndi m'mbali mwa mbale, moti madzi ankangodutsa m'mphepete osalowa pakati. Ndinaviika mbale yonse m'beseni, madzi kufika pakamwa pake, mpaka thovu litasiya kutuluka. Masamba ena anagwa ndithu, koma patatha masabata awiri timphukira tinaoneka.

Dothi lomwe kanabwera nalo linali lomata, ndiye kutayamba kufunda ndinakasinthira lina. Akatswiri amakonda akadama, dongo la timibulu lochokera ku Japan, koma mtengo wake unandibweza. Ndinaphwanya njerwa yootcha, kusefa fumbi lonse, n'kusakaniza ndi timiyala ta kumtsinje ndi makungwa a paini owolerana. Pa mabowo ndinayala kaneti. Mizu ndinaipesa ndi kamtengo, kudula osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo feteleza ndinadikira mwezi wathunthu. Ngakhale pano ndimathira wamadzi, theka la mlingo wolembedwa pa botolo, nyengo yokula yokha. Ntchito yosintha dothiyi si ya chaka chilichonse, imafunika pakatha zaka ziwiri kapena zitatu.

Chilimwe chonse kamakhala pakhonde pomwe pamafika dzuwa la m'mawa. Koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi mkuyu sugwirizana nacho. Ndimakalowetsa m'nyumba pa windo loyang'ana kumpoto, kutali ndi hita. Chaka choyamba kanakhuthula masamba ambiri nditangokasuntha, dzanja langa n'kuthamangira botolo. Ndinapisa chala, ndinapeza chinyezi, ndinabweza botololo. Kanali kungodandaula kusintha kwa malo. Apa ndichenjezeko amene agula bonsai wa juniper, mtengo wofanana ndi mkungudza: umenewo ndi wapanja chaka chonse, m'nyumba umafa pang'onopang'ono ukuonekabe wobiriwira.

Kudulira n'kosavuta. Nthambi ikafika masamba 6 kapena 8 ndimaibweza pa awiri, utomoni woyera utuluke, uume wokha. Waya ndiye anandichititsa manyazi. Ndinakulunga nthambi kuti ipindike, n'kumuiwala miyezi inayi, ndipo analowa m'khungwa. Chipseracho chilipo mpaka lero, chozungulira ngati sikuluwu. Tizilombo toyera tonga kodikodi wa chinangwa tinabweranso kamodzi m'makhwapa a masamba, ndinatipukuta ndi thonje lonyowetsa sipiriti.

Chaka chatha ndinaviika njere za malambe m'madzi otentha usiku wonse, ndipo imodzi inamera. Bambo aja atamva anandigwira pamkono. "Umenewo ukangogwetsa masamba, madzi ayi, mpaka udzaphukire wokha." Pano kamlambeko kali pashelefu, kopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo botolo ndinalisamutsira kukhitchini kuti ndisamalione ndikamadutsa.