Mfuti kusinthanitsa ndi khasu

Dzulo ndimadutsa pa Lizulu, mbali ino Malawi mbali inayo Mozambique, ndiye ndinangokumbuka nthawi ija othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza kuno, ena tinkakhala nawo kalasi imodzi. Frelimo, chipani cholamula, ndi Renamo, gulu lomwe linkamenyana ndi boma, atasainirana mtendere ku Rome mu 1992 anthu anayamba kubwerera kwawo koma m'minda munali mabomba okwirira, munthu kulima mtima uli m'mwamba. 1994 anavota koyamba zipani zambiri ngati ifenso, a Chissano a Frelimo nkuwina upulezidenti. Ine chimene chimandigwira mtima ndi cha mipingo, ukapereka mfuti ankakupatsa khasu, njinga kapena mashini osokera. Mabomba aja anamaliza kuchotsa 2015, zaka 23 chisainireni mtendere uja aise! Pano kachewere wa ku Angónia akungodzaza malole pamsewu pomwepo.