Tsiku limene ndinadzitsekera kunja kwa mtambo

Nditauza abwana pa loji ina ku Senga Bay kuti kaundula wa alendo timusamutsire ku cloud, anasuzumira pawindo. Munali mu October, kumwamba kuli mbee. "Mtambo wake uti, mwana iwe?"

Ndinafotokoza mwamatama kuti mtambowo ndi makompyuta a Amazon ali ku Cape Town, malo omwe anatsegula mu 2020, ndipo ife tizingochita lendi kachigawo. Rauta (chogawa intaneti) ndi firewall (mlonda wotsekereza osaloledwa kulowa) zathu zakumeneko sungazigwire ndi manja, ndi mapulogalamu chabe omvera malamulo amene walemba pa sikirini. Kale posintha netiweki tinkakwawa kunsi kwa desiki, waya kukamwa. Lero n'kungodina.

Kudinako ndi kumene kunandionetsa zakuda. Lachisanu usiku, pofuna kukhaulitsa akuba a pa intaneti, ndinalemba lamulo loti seva, kompyuta yosunga kaundula wathu, izilola IP address (nambala yozindikiritsa wolowa pa intaneti) imodzi yokha, ya ofesi yathu. Ndinagona tulo ta munthu wanzeru. Chimene ndinaiwala n'choti intaneti yathu ndi ya simu khadi, nambala yake imasinthasintha. Magetsi atathima m'bandakucha n'kuyakanso, karauta ka mu ofesi kanadzuka ndi nambala ina. Seva inatikana ngati sinationepo.

Loweruka m'mawa basi ya kwaya yochokera ku Lilongwe ili pageti, amayi 40 ndi zikwama zawo, palibe wodziwa chipinda chake.

"Zimitsa uyatsenso!" anakalipa abwana.

"Ndizimitse chiyani, bwana?"

"Ndiye kuti watsekera kiyi m'nyumba?"

"Eya bwana, kungoti nyumbayo ili ku Joni, kupitirira ndithu."

Madala olondera atamva za kiyi anathamangira kukatenga chitsulo chothyolera loko, n'kumafunsa kuti chitseko chake n'chiti. Ndinawaseka, Mulungu andikhululukire.

Mankhwala ake anali apafupi: kulowa patsamba loyendetsera netiweki n'kufufuta mzere umodzi. Koma tsambalo limafuna kanambala kotuluka pafoni yanga, ndipo foniyo inali kwa wokonza galasi la foni pa Kamuzu Road ku Salima. Ndinakwera kabaza wanjinga yamoto, makilomita pafupifupi 20, fumbi mpaka m'mano.

Ndinapeza kashopu kotseka, loko wamkulu ngati chibakera. Mwini wake anali ku ukwati ku Nkhotakota. Pafoni ya wakabaza anandiuza mosatekeseka kuti, "Ngati zavuta thyolani achimwene, mudzagula loko wina."

Ndinabwerekanso foniyo.

"Madala, chitsulo chija mukadali nacho?"