Bambo uja amafuna pepala loti mwana wake ndi jiniyasi

Ntchito yanga ndi yoyeza ana mmene amaganizira ndi kuphunzirira, makolo kapena aphunzitsi akaona kuti mkalasi sizikuyenda amabwera naye mwanayo kwa ife. Ambiri amalowa nkhope zili zakugwa, koma Lolemba sabata ino kunabwera bambo wina akumwetulira, foni ili mmanja, akuti mnyamata wawo wa Sitandade 6 walemba mayeso oyeza nzeru a IQ pa intaneti wapeza 152 nde akufuna pepala la chidindo loti mwanayo ndi jiniyasi. "Madamu, si paja amati kuyambira 140?" Ndinati khalani kaye pansi bambo tikambirane.

Nambala imeneyi sanaipeke okha ayi. Inachokera kwa Lewis Terman wa pa yunivesite ya Stanford ku America, amene mu 1916 anatenga mayeso a Alfred Binet ndi Théodore Simon a ku France nkuwakonza mwina, ndipo pogawa magulu analemba kuti opitirira 140 ndi ma jiniyasi kapena oyandikira pamenepo. Chimene chimandikhudza ine nchakuti Binet poyambitsa zimenezi mu 1905 amafuna kupeza ana otsalira msukulu za ku Paris kuti athandizidwe, sankasaka ma jiniyasi. Ndipo mayeso amene timagwiritsa ntchito lero kwa ana a zaka 6 mpaka 16, otchedwa WISC-V, mawu oti jiniyasi mulibemo olo pamodzi, gulu lapamwamba limayambira pa 130 basi.

Ndinawafotokozeranso kuti malikisi awa sali ngati a masamu oti wakhoza 80 pa 100. Mwana amayerekezedwa ndi anzake a msinkhu wake, 100 ndi pakatikati, anthu awiri mwa atatu alionse amagwera pakati pa 85 ndi 115, ofika 130 ndi pafupifupi awiri pa 100 alionse, pomwe 140 ndi munthu mmodzi pa anthu oposa 250. Bungwe la Mensa, la anthu okhoza kwambiri mayeso a IQ, limalandira awiri pa 100 omwewo, koma pa mayeso a Wechsler, monga WISC-V yathu ija, limafuna 130 pomwe pa mayeso ena otchedwa Cattell limafuna 148, munthu yemweyo nzeru zomwezo, zili ngati chimanga chomwecho ukuyeza ndi ndowa zosiyana kukula. Nde munthu akangokuuzani nambala osatchula mayeso ake sanakuuzeni kanthu. Za pa intanetizo ndiye nkhani ina, palibe amakhala pambali kuona mmene mwana akuyankhira, ndipo zambiri zimafuna ulipire kaye kuti uone zotsatira.

Lachiwiri tinamuyeza. Timakhala awiriwiri mchipinda, ine ndi wotchi yanga, kholo limadikira panja. Mafunso enieniwo sindingalembe pano, ndi lamulo la ntchito, koma pali gawo la timabuloko tofiira ndi toyera timene mwana amasanja kuti tifanane ndi chithunzi, pamenepo mnyamatayu amandisangalatsa zedi, amayang'ana chithunzi kamodzi, kalilime kali panja, zala nkumangoyenda, ine ndisanakhazikike ndi wotchi iye wakankha kale timabulokoto kuti ndione. Titafika pomasulira mawu anayamba kuchedwa ndipo ndinaona akugwedeza milomo, akuyankha kaye mu Chichewa chamumtima kenako nkumasaka Chingerezi chake. Izi ndimazilemba pambali chifukwa buku lathu la malikisi linapangidwa poyeza ana a ku UK olankhula Chingerezi kuyambira kubere, si ana a ku Area 25 ayi.

Lachitatu linatha ndi kuwerengera ndi kulemba lipoti, magetsi kuzimazima, palibe chokamba.

Bambo aja anabweranso Lachinayi. Zotsatira zinagwera pakati pa 116 ndi 126, timalemba chonchi chifukwa mwana yemweyo mutamuyeza tsiku lina atagona bwino kapena ali ndi chimfine nambala imasuntha pang'ono. Nkhope inasintha. "Ndiye kuti si jiniyasi eti?" Ndinawauza kuti bambo mwana wanuyu amaposa anzake ambirimbiri a msinkhu wake, pa zithunzi ndi masanjidwe ndiye ali patali, mpatseni masamu omuvutirako, mpezereni zinthu zomasula ndi kumanga, muziwerenga naye mabuku. Kenako ndinawauza nkhani ya Terman yemwe uja. Mu 1921 anayamba kusankha ana pafupifupi 1,500 a ku California a malikisi apamwamba nkumawatsatira moyo wawo wonse, ambiri zinawayendera, maloya, madokotala, aphunzitsi a ku yunivesite, koma palibe mmodzi anapata mphotho ya Nobel, pomwe anyamata awiri amene anayezedwa nkusiyidwa kuti sanafike, William Shockley ndi Luis Alvarez, anadzaipata pa fizikisi, wina 1956 wina 1968. Anakhala chete pang'ono kenako anafunsa kuti mabuku ake otani, pamenepo mtima wanga unakhala pansi chifukwa ndimaopa kuti akafika kunyumba akamuuza mwana kuti walephera. Ndawaonapo ana ouzidwa kuti ndi ma jiniyasi akuyamba kuthawa chilichonse chovuta poopa kuti akalakwa dzina lija lithapo.

Koma amene wandigoneka mochedwa sabata ino ndi kamtsikana ka zaka 9 kamene kanabwera Lachisanu ndi azakhali ake. Kabwereza Sitandade 2, kusukulu akuti ndi mutu wouma, azakhaliwo amalankhula mawu amenewa iye ali pompo akuyang'ana pansi. Ndinayamba ndi zithunzi zosowa chidutswa zija zoti ungoloza choyenera, sizifuna kulankhula, mwana amaloza molondola mpaka kufika pa zovuta ndithu. Nditayamba kutchula manambala kuti abwereze, zinasokonekera, atatu okha akulephera. Ndinaona kuti nthawi zonse ndikayankhula amapendeketsa mutu kubweretsa khutu lakumanja, maso ali pa milomo yanga. Ndinaphimba pakamwa ndi pepala nkumuitana dzina motsitsa, sanatembenuke. Azakhali aja ndi pamene anakumbuka kuti ali wamng'ono khutu limatuluka mafinya kawirikawiri, ndipo mkalasi mwawo muli ana oposa 100 iye amakhala kumbuyo kwenikweni.

Ndikanangophatikiza malikisi onse nkulemba nambala imodzi ikanatuluka yotsika ndipo ikanamutsata mwanayu kulikonse ngati umboni wa mutu wouma uja, nde sindinailembe. Kwa ana ang'onoang'ono tili ndi njira yotchedwa MDAT (Malawi Developmental Assessment Tool) imene inapangidwa konkuno nkusindikizidwa mu 2010, yoyeza kakulidwe ka mwana poyerekeza ndi ana achimalawi anzake, ndimalakalaka tsiku lina pa tebulo langa padzakhale yotere ya ana a msinkhu wa sukulu. Pakadali pano ndalemba makalata awiri, ina yopita kuchipatala kuti akamuyeze makutu, ina ya aphunzitsi ake kuti kuyambira Lolemba azikhala kutsogolo, khutu lakumanja litaloza kumene iwo amaima. Azakhali ndawauza kuti akabwere nayenso makutu akaonedwa, tidzayezenso bwinobwino.