Zikomo aphunzitsi, mwendo wa kangaude uja wameranso

Usiku wathawu tarantula wathu, kangaude wamkulu waubweya amene timaweta, wafundula bwinobwino, ndipo mwendo umene unaduka mu Julayi chaka chatha wameranso. Ndi wowonda, wotumbuluka, waufupi kuposa inzake 7, koma ukuponda. Ambuye alemekezeke.

Aphunzitsi athu a sayansi opuma aja, ndilibe mawu. Tsiku lija la mu Julayi, mwendo utakanirira pofundula, munakwera minibasi ku Linthipe m'mamawa, chifunga chili tolo pa Dedza boma pano, kudzaona kangaude. Ena anangoti "zimenezo n'zaufiti" osapondako phazi. Mulungu awaone.

Zimene munachita ndizilembe kuti zithandize ena oweta. Kangaude akagona chagada sanafe, akufundula, ndipo musamukhudze ngakhale atatha maola ambiri. Chaka chathacho wathuyu anatulutsa thupi ndi miyendo 7, umodzi n'kukanirira m'chikopa chakale. Gwero lake linali kuuma: mphepo ya Julayi, kambale kamadzi kataphwa, bokosi lili pafupi ndi mbaula. Kangaude amakankha chikopa ndi mphamvu ya madzi a m'thupi mwake, ndiye akakhala ndi ludzu mphamvuyo imachepa.

Munanyowetsa kabulashi kofewa m'madzi ofunda pang'ono, n'kumapaka pamene panakanirirapo, kupewa kunsi kwa mimba poti m'pamene pali mapapo ake 4. Simunakoke ayi. Zitakanika, kangaudeyo anadula yekha mwendowo pa mfundo ya kufupi ndi thupi, pomwe bala limatsekeka lokha. Timagazi totuwa titayamba kuchucha munathirapo kaufa koyera kakunsonga kwa chala, n'kusiya.

Ndinu munatiletsanso kuponyamo chiwala kapena mphemvu msanga. Thupi likadali lofewa chiwala chimamuluma. Mano amayamba oyera, kenako ofiira, ndipo chakudya chimadikira mpaka adetse bii, kwa wamkulu masiku 10 mpaka 14. Madzi okha asasowe.

Chimene chinandigonetsa tulo chaka chonsechi ndi mawu anu aja, oti wathuyu ndi wamkazi, adzafundulanso. Wamwamuna akakhwima safundulanso, mwendo ukapita wapita. Munati pakufundula kwina kamodzi kapena kawiri mwendowu udzalingana ndi inzake, ndipo ndikukhulupirira.

Ndatopa, maso akulemera, koma aphunzitsi, zikomo kwambiri. Ambuye akuwonjezereni masiku. Chikopa chafundulidwachi ndakusungirani m'kabotolo, mukabwera Loweruka mudzachione.