Mmene ndimakonzera ulendo wapansi woonetsa anthu mbiri ya dera la mumzinda

Ndisanaitane aliyense, ndimayala mapu awiri patebulo: akale kwambiri amene ndingawapeze ku laibulale kapena kosungira zolemba zakale za boma, ndi a masiku ano. Pamene mapuwo akusemphana m'pamene pagona nkhani: msewu umene unasintha dzina, kamtsinje kamene anakakwirira m'mapaipi, msika umene unasamuka. Ndikatero ndimakacheza ndi achikulire a m'deralo. Iwowa amakumbukira bwino amene ankakhala nyumba iti, koma zaka amazisokoneza, choncho chaka chilichonse ndimakachitsimikizira m'nyuzipepala zakale, pamwala wa maziko kapena pamiyala ya kumanda. Chenjerani ndi chaka cholembedwa pamwamba pa khomo, chifukwa nthawi zina chimanena za pamene nyumba inakonzedwanso, osati pamene inamangidwa.

Malo oimapo ndimasankha 8, pamtunda wa makilomita awiri ndi theka. Munthu ali yekha amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola, koma gulu ndimaliwerengera 3 basi, poti wina akujambula, wina wakumana ndi mnzake. Kuyenda kokha kumadya mphindi 50, ndipo ndikaima mphindi 5 pamalo aliwonse zimakwana 90. Kupitirira apo anthu amayamba kumvera miyendo yawo m'malo momvera inu. Malo amene palibe chooneka ndi maso ndimawasiya, ngakhale nkhani yake ikome bwanji, pokhapokha ndili ndi chithunzi chakale. Zithunzizo ndimazisindikiza zazikulu pa pepala la A3 n'kuzikuta ndi pulasitiki, kuti mvula ndi thukuta la m'manja zisaziwononge.

Njirayo ndimaiyesa ndekha, tsiku ndi ola lomwelo limene ndidzayende ndi gulu. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Pakona pamene pali zii Lamlungu m'mawa, mkati mwa sabata pamakhala phokoso la magalimoto loti simungamvane. Pamalo aliwonse ndimayang'ana zinthu zitatu: ngati anthu 15 angakwanepo osatseka njira, ngati pali mthunzi, ndiponso kumene dzuwa lili. Ine ndimaima moyang'ana dzuwa, chinyumba chimene ndikufotokozacho chili kumbuyo kwanga, kuti omvera achione osatsinzina. Ndimalembanso pamene pali chimbudzi chapafupi. Ngati tidzalowa m'tchalitchi, mumzikiti, kumanda kapena pabwalo la munthu, chilolezo ndimapemphatu sabata imodzi tsikulo lisanafike.

Tsiku la ulendo ndimafika mphindi 15 nthawi isanakwane. Ndimawerenga anthu poyambira, ndiponso nthawi iliyonse tikawoloka msewu. Ndimapempha mmodzi kuti azikhala kumapeto kwa mzere, ndipo sindiyamba kulankhula iye asanafike, apo ayi oyenda pang'onopang'ono amangomva mchira wa nkhani ulendo wonse.

Pafupifupi ulendo uliwonse pamapezeka wina wobadwira komweko amene amati, "Ayi, sizinali choncho." Sindilimbana naye pagulu. Ndimanena kumene ndinaitenga nkhaniyo, ndimalemba zimene iye wanena, n'kumupempha kuti ticheze tikamaliza. Zake zikatsimikizika, ndimakonza zolemba zanga ulendo wina usanafike. Malo omalizira ulendo ndimasankha pafupi ndi pokwerera basi, kapena njira ndimaizunguliza kuti tibwerere pamene tinayambira, chifukwa ena amakhala atasiya galimoto pomwepo.